Thandizeni: kujambula woimba jazz mumdima, ndi nyimbo zoopsa za pa 31 Okutobala

Wojambula wa ku Ulongwe:

Akuluakulu ndi anzanga a pagulu pano, ndabwera ndi vuto. Ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndipo ndimadyera kamera: maukwati, zinkhoswe, ubatizo. Zonsezo ndi za masana, dzuwa likalowa ndimangoyatsa fulashi. Tsopano ndaitanidwa ku Tete pa 31 Okutobala kukajambula mayi ena oimba jazz pamalo ena odyera m'mbali mwa Zambezi. Mayiwa ndi akwathu, anayambira m'kwaya ya tchalitchi limodzi ndi mayi anga. Aimba zaka zambiri koma chithunzi chabwino alibe. Zonse ndi za pafoni, nkhope ili psuu ndi magetsi, maikolofoni itatseka pakamwa. Pondiimbira foni anangoti, "Mwanawe, ndikufuna chimodzi chokha choti adzukulu anga adzaone kuti ndinkaimba." Mawu amenewo akundisowetsa tulo.

Mwezi watha ndinakwera chapa kukawamvera kaye. M'chipindamo muli mdima, magetsi awiri ofiira ndi limodzi labuluu basi. Gulu lawo ndi wa kiyibodi, wa besi ndi wa ng'oma, amene amangosisita ng'omazo pang'onopang'ono. Fulashi anandiletsa, akuti amaimba atatsinzina ndipo kuwala kukawathwanimira nyimbo imawathawa. Ndinayesa ndi Canon yanga yakale ndi lenzi ya 18-55 yomwe inabwera nayo. Ndinabwerako ndi zithunzi pafupifupi 200, chooneka bwino panalibe. Koma chimene ndikufuna ndinachiona ndi maso: akafika pa liwu lalitali amatsitsa maikolofoni mpaka pachifuwa, mutu n'kupendekera kumbuyo, thukuta likunyezimira m'khosi, dzanja lamanzere likuwerenga kugunda pansalu yawo. Mphindi imeneyo ndingaigwire bwanji popanda fulashi?

Funso lachiwiri. Mwini malowo akufuna usikuwo ukhale wa Halloween, chikondwerero cha azungu chovala zigoba ndi zinthu zoopsa, pofuna kukopa alendo ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Wandipempha ndimuikire nyimbo zoopsa pa fulashi disiki zoti zizilira mayiwa akamapuma. Ine ndikungodziwa Thriller ya Michael Jackson, ndipo sindikuona kuti ingagwirizane ndi kaimbidwe kawo. Anatchulanso zoti apachike zinthu za gule pakhoma. Pamenepo sindinamuyankhe, koma mtima wanga unakana.

Wojambula wa ku Moatize:

Achimwene, kamera yanu ilibe mlandu, vuto ndi lenziyo. Mukaikokera ku 55 imatsekera pa f/5.6, ndiye kuti kabowo kolowera kuwala kamachepa. Bwerekani ya 50mm f/1.8, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Ikani pa M kuti muzisankha zonse nokha, liwiro lojambulira 1/160 kapena 1/200 ya sekondi, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 3200, ndipo musaope timadontho timene ISO yokwera imabweretsa pachithunzi. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka, chogwedezeka ndi chotaya. Jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, osati JPEG, chifukwa magetsi ofiirawo amafafaniza khungu, ndipo ndi RAW yokha imene ingakubwezereni nkhope. Pa f/1.8 malo oonekera bwino ndi ochepa kwambiri, choncho sankhani kadontho kamodzi ka fokasi ndipo mukaike pa diso lomwe lili kufupi ndi inu. Mukaisiyira kamera isankhe yokha, igwira maikolofoni.

Musaime kutsogolo kwawo. Khalani chammbali, kumbali imene dzanja la maikolofoni silikuphimba nkhope. Mwanena kale kuti amaitsitsa pa liwu lalitali, ndiye phunzirani nyimbo zawo, mudziwe liwulo lisanafike. Nthawi imeneyo mutu sugwedezeka kwambiri, mutha kutsika mpaka 1/125.

Mphunzitsi wa kwaya, Zóbuè:

Achimwene, za nyimbozo zisakuvuteni, jazz yakale ili nazo zambiri zotchula matsenga koma zikunena za chikondi. I Put a Spell on You tengani ya Nina Simone ya 1965. Mwini wake ndi Screamin' Jay Hawkins amene anaijambula mu 1956 mokuwa ndi mobuula, ndiye ngati abwanawo akufuna choopsa kwenikweni ndi imeneyo. Witchcraft ya Frank Sinatra ya 1957 ndi yofatsa. That Old Black Magic inaimbidwa ndi anthu ambiri, Ella Fitzgerald nayenso anaiimba. Louis Armstrong ali ndi St. James Infirmary, koma dziwani kuti ija ndi ya munthu amene wapita kukaona mtembo wa wokondedwa wake.

Chimodzi ndikupempheni. Mukafufuza pa intaneti mwina mupeza ena ataika Strange Fruit ya Billie Holiday m'gulu la nyimbo zoopsa chifukwa imamveka yamdima. Musaiike. Anaijambula mu 1939 ndipo ikulira anthu akuda amene ankaphedwa ndi kupachikidwa m'mitengo kumwera kwa America. Si nyimbo yomwera mowa anthu atavala zigoba.

Ndipo musanaike chilichonse, awonetseni amayiwo mndandandawo. Woimba zimamupweteka kumva nyimbo imene amati aimbe ikulira pa sipika iye ali pampando akumwa madzi.

Agogo a ku Furancungo:

Mdzukulu, mtima wako wakana bwino, koma kukana kwa mumtima sikukwanira, ukamuuze mwini maloyo pakamwa. Gule si chokongoletsera bala ndipo si choopsezera alendo. Amatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu, ndipo ali ndi eni ake. Ngakhale a UNESCO anamulemekeza mu 2005, kwa ife a Mozambique pamodzi ndi a Malawi ndi Zambia. Kumbukiranso kuti pakangopita masiku awiri, pa 2 Novembala, akhristu ambiri amapita kumanda kukalambula ndi kupempherera abale awo. Ine zosewera ndi akufa sabata imeneyo sindizikonda konse. Koma ntchito ndi yako, ine ndanena zanga.

Wojambula wa ku Ulongwe:

Agogo, ndamva ndipo ndathokoza. Mawa ndimuimbira, ndimuuza kuti zikapachikidwa ine sindijambula khoma limenelo. Ndikuopa kuti angandichotse pantchitoyo, koma amene anandiitana ndi amayiwo, osati iye. Aphunzitsi, za Billie Holiday sindinkadziwa, mwandipulumutsa.

Mlongo wanu wa ku Tsangano, panopa ku Maputo:

Achimwene, fufuzani zithunzi za Ricardo Rangel, wojambula wathu wa kuno ku Mozambique amene anamwalira mu 2009. Ankakonda jazz kwambiri, ndipo zithunzi zake za usiku wa mumsewu wa Rua Araújo ku Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo, ndi zakuda ndi zoyera. Onaninso za Herman Leonard amene ankajambula oimba jazz m'makalabu a ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Iyeyo kuwala ankakuika kumbuyo kapena kumbali kwa woimba, mdima wotsalawo n'kuusiya choncho. Inu mukulimbana ndi mdima ngati mdani, pamene theka la chithunzi cha jazz ndi mdimawo. Magetsi ofiira akakukanikani, chotsani mitundu yonse, thukuta la m'khosi lija lionekera bwino koposa.

Wa besi wa ku Tete:

Ine ndimaimba m'malo ngati amenewo. Kamera yakale imamveka ikamajambula, ndipo pa nyimbo yofatsa, pamene patsala mawu ndi kiyibodi yokha, kaphokoso kameneko kamatifika tonse. Jambulani ng'oma zikakwera. Osadutsadutsa pakati pa ife ndi omvera, sankhani malo awiri mukhazikike. Koma ndikusiyana pang'ono ndi anzangawa. Ngati amayiwo akufuna chimodzi cha adzukulu, musaike chiyembekezo chonse pa usikuwo. Fikani madzulo tikamayesa zida, muwapemphe avale zovala zawo zoimbira, aimbe nyimbo imodzi yonse, ndipo mupemphe aziyatsira getsi limodzi loyera chammbali. Kunonso Okutobala si wa ku Angónia, kutentha kumapitirira madigiri 40. Bwerani ndi batire lachiwiri ndi kansalu kopukutira manja, ndipo kamera musaisiye m'galimoto padzuwa.

Wojambula wa ku Ulongwe:

Achimwene a besi, zoyesa zidazo sindinaziganize, ndiwapempha amayiwo lero lomwe. Ndifika ku Tete pa 30 kuti ndigone komweko. Achimwene a ku Moatize, ya 50mm ija kodi muli nayo ya Canon? Chapa imadutsa kwanuko, nditha kutsika n'kuitenga, ndidzabweza pa 1 pobwerera, chifukwa pa 2 ndiyenera kukhala kumanda ndi mayi anga.

Wojambula wa ku Moatize:

Ilipo. Fokasi yake imachedwa mumdima, ndiye mufike dzuwa lisanalowe tiyesere limodzi m'nyumba titatseka mazenera. Ndilembereni kumbali.