Njinga ya kabaza kwa mwana wongosiya kumene chamba: tigule kapena tidikire?

Anaphiri, Kaphatenga: Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa malemu achemwali anga, wa zaka 17, akutuluka Lachisanu ku Lilongwe kumene amamuthandiza kusiya chamba ndi kachasu. Ndagulitsa mpunga, ndipo bambo akunyumba akuti timugulire njinga azikapanga kabaza pa Kamuzu Road kuno ku Salima m'malo mongokhala. Ine mtima wanga sukukhazikika. Tigule?

Malume a ku Chipoka: Gulani mayi. Mwana wongokhala pakhonde tsiku lonse, anzake akale samuvutikira kumupeza. Akapalasa mpaka madzulo azibwera atatopa, kudya, kugona. Komanso aziona kuti mukumukhulupirirabe.

Wakabaza wa pa Kamuzu Road: Amalume, ntchito imeneyi ndi yanga, ndiye ndiloleni nditsutse. Kabaza ndi ndalama ya m'manja ola lililonse. Ukangotsitsa munthu, ndalama ili m'thumba, palibe wokuwerengera. Ukatembenuka, pali wogulitsa mowa. Boma linaletsa masacheti, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo totsika mtengo. Chamba nachonso sichisowa, cha ku Nkhotakota chimadutsa mumsewu wa M5 womwewu. Ndiye pa siteji pali ena amanamiza ana kuti ukasuta supuma, ngakhale thumba la makala sulimva kulemera. Ife akuluakulu timadziwa kuti ndi bodza. Nanga mwana wongotuluka kumene angakane kangati pa tsiku?

Malume a ku Chipoka: Ndiye azingokhala? Kuopa siteji si ntchito.

Namwino, Senga Bay: Anaphiri, musanaganize za njinga, patulani kaye ndalama ya ulendo. Miyezi itatu yoyamba ndiyo ambiri amayambiranso kusuta ndi kumwa, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kusadumpha masiku okaonana ndi aphungu. Kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, anthu awiri kupita ndi kubwera, mwina kangapo. Mabanja ambiri amathera pamenepa: ndalama zonse zalowa ku katundu, tsiku lafika, ya minibasi palibe. Lachisanu musachokeko osafunsa tsiku lobwererako, nambala yoimba zikavuta, ndiponso kalata yoti mwina azionedwa pachipatala cha boma konkuno. Ngati am'patsa mankhwala, asasiye yekha. Akamavutika kugona kapena kupsa mtima msanga, musafulumire kunena kuti wayambiranso, zimachitika munthu akasiya chamba. Ndipo akadzapunthwa tsiku lina, musam'pitikitse pakhomo, bwererani naye.

Nachisale, Lifuwu: Ine ndinagula. Mwana wanga atabwera ndinam'gulira njinga yatsopano, ndinasoketsa ndi khushoni yofiira ya pakaliyala. Sabata ziwiri zoyamba ankabwera ndi usipa, nkundipatsa ndalama m'manja, ine misozi. Sabata yachitatu anabwera wapansi usiku, akuti yaphulika tayala. M'mawa ndinakaipeza itatsamira mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yotcheza kachasu, ataiika pinyolo, khushoni ija atachotsa kale. Ndinaiwombola kawiri. Sindikuti wanu adzatero, koma ine ndinam'senzetsa katundu asanalimbe miyendo.

Aphunzitsi opuma: Pepani mayi Nachisale. Funso langa: mwanayu sukulu analekezera pati? Wa zaka 17 sanachedwe. Masekondale ambiri ali ndi makalasi a masana, atha kulowa nkudzalemba MSCE. China, ana masiku ano amati chamba anachivomereza. Lamulo la 2020 linalola kulima kwa okhala ndi chiphaso, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta ndi mlandu mpaka lero. Mumuuze bwinobwino, chifukwa anzake adzamuuza zina.

Malume a ku Chipoka: Nkhani ya mayi Nachisale yandikhudza. Komabe njinga payokha ilibe mlandu. Bwanji ikhale ya pakhomo, azinyamulira mpunga kupita kuchigayo limodzi ndi bambo, ndalama izilowa kwa inu?

Wakabaza wa pa Kamuzu Road: Zimenezo ndiye ndingavomere. Koma yakale yokonzedwa bwino ikwanira, musathere ndalama yonse. Siteji idikire chaka chamawa, ndipo akadzafika ndidzamuyang'anira ndekha.

Anaphiri, Kaphatenga: Zikomo nonse. Analekezera Fomu 3. Ndaona kuti tonse pakhomo takhala tikukambirana za iye osamufunsa mwini wake, ndiye Lachisanu m'minibasi ndimufunsa chimene akufuna. Ndalama ya maulendo atatu ndaipatula kale. Anamwino, kodi kokaonana ndi aphunguko ndizilowa naye, kapena ndizidikira panja?

Namwino, Senga Bay: Pitani naye ulendo uliwonse, koma mum'patse mpata alankhule yekha poyamba. Akamaliza, pemphani kuti nanunso mulowe.