Tanthauzo la amorphous kwa ana a Fomu 3

A Phiri, Nkhotakota:
Aphunzitsi anzanga a Chemistry, ndithandizeni msanga chifukwa mayeso a teremu ayandikira. Pa mutu wa kaboni ambirife timati amorphous ndi chinthu chopanda mawonekedwe, koma ana anga akulemba kuti madzi ndi amorphous popeza amatengera chiwiya chimene athiridwamo, pomwe ena akukanitsitsa kuti botolo lagalasi silingakhale m'gululi chifukwa mawonekedwe lili nawo. Kodi inu mumati chiyani?

Mayi Nabanda, Salima:
A Phiri, liwu lakuti mawonekedwe ndi limene likuwasokoneza, chifukwa limaloza kunja pamene nkhani ili m'kati. Ine ndimati chinthu cholimba chopanda dongosolo m'kati, kutanthauza kuti maatomu ake sanandandalikane mobwerezabwereza monga zilili mu dayamondi, graphite (chakuda cholembera cha m'kati mwa pensulo) kapena mchere. Makala ndi mwaye wa padenga la khitchini ndi kaboni yemweyo wa mu dayamondi ndi graphite, koma mizere yake ndi yosweka. Musanene kuti chosalongosoka, chifukwa ana amamva ngati chinthucho chawonongeka.

A Mwale, Dwangwa:
Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, choncho ana aloweze tanthauzo la m'buku, osataya nthawi ndi kumasulira.

A Chirwa, Khombedza:
Chimene chimawagwira mtima ana ndi kasungunukidwe. Mchere umasungunuka pa madigiri 801 Celsius ndendende, pamene galasi limayamba lafewa pang'onopang'ono popanda mlingo umodzi. Ena amasungunula shuga pa supuni n'kumusiya azizire kuti aoneke ngati galasi, koma chenjerani kwambiri, chifukwa shuga wotentha amamatirira pakhungu. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsako mwana anapsa chala, ndipo nkhaniyo inafika kwa makolo ndi a komiti. Musalolenso ana kuswa mabotolo okha pofuna kuona kaswekedwe kake.

A Mwale, Dwangwa:
Ndikubwerezanso kuti wochonga mayeso safuna supuni kapena shuga, amafuna chiganizo cha m'buku.

Mayi Nabanda, Salima:
A Mwale, mwana amene waloweza osamvetsa ndi amene amalemba madzi funso likangotembenuzidwa. Komabe, a Phiri, mukapereka chitsanzo cha pulasitiki musamale, chifukwa mitundu ina, monga ya majumbo, ili ndi zigawo zadongosolo ndi zina zopanda dongosolo.

A Mwale, Dwangwa:
Zonsezi zikungotsimikizira mfundo yanga, yakuti Chichewa chikachuluka m'kalasi zitsanzo zimayamba kutsutsana ndipo silabasi satha.