Munda unakwiririka ndi mchenga nthawi ya Freddy, ndibzalemo chani?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru abale anga. Ndili ku Chikwawa, munda wathu uli pafupi ndi mtsinje wa Mwanza. Namondwe Freddy uja wa mu March 2023 madzi atasefukira anasiya mchenga munda onse, malo ena umakumba mpaka m'mawondo osalipeza dothi lakuda lija. Chimanga chimamera bwinobwino koma chikafika m'chiuno chimayamba chikasu, dzuwa likangowomba pang'ono masamba apotana kale, mchengawu susunga madzi olo pang'ono. El Nino wa 2024 ndiye anangomaliziratu.

Tinayesa kuchotsa ndi makasu ndi wilibala koma ntchito yake yosaoneka kutha. Urea ndinathira, amangotsika ndi madzi, ndalama kungotaya. Manyowa a ng'ombe athandizako pa kachigawo kena koma ngolo yakwera mtengo heve. Ena akuti mapira kapena mbatata, ena akuti khobwe ndi nandolo kuti nthaka ibwerere, mutu wangozungulira.

Alipo amene munda wake unakwiririka chonchi nkubwereranso? Munayamba ndi mbewu yanji? Nanga mayenje aja obzalamo ndi manyowa amagwira pa mchenga wakuya chonchi kapena amangogumuka? Komanso vetiva wobzala m'mbali mwa mtsinje ndingamupeze kuti kuno ku chigwa cha Shire?