Gitala ikukoma m'mahedifoni koma ikulasa m'khutu pa masipika akuluakulu

Woimba gitala, Makawa:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuimbira ampu (chokuzira mawu a gitala) ya mavalavu (timababu tagalasi ta m'kati mwake) ya Fender Twin Reverb, koma kulemera kwake, komwe ndi pafupifupi makilogalamu 30, kunanditopetsa, makamaka tikamainyamula pamchenga kupita kumene kwamangidwa nsanja. Ndinagula pedo ya modeling (kabokosi kopondera kotsanzira mawu a maampu) imene ili ndi chifanizo cha ampu yomweyo, ndipo kunyumba, m'mahedifoni, imamveka mokoma kwambiri. Loweruka lapitali tinali pa ukwati m'mphepete mwa nyanja, ndinalumikiza pedoyo ku mikisa (chosakanizira mawu a bandi yonse), koma mawu amene anatuluka anali owonda, olira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo ng'oma ndi kiyibodi zikangolowa gitala inkasoweratu. Mtsogoleri wa bandi wanena kuti ndibwerere ku ampu. Tili ndi ukwati wina ku Monkey Bay Loweruka likubwerali. Kodi pedoyi ndingoigulitsa?

Wosakaniza mawu, Mangochi Boma:
Achimwene, musafulumire kugulitsa, chifukwa zinthu ziwiri zimene mukufanizirazo si zofanana. Mukaima pafupi ndi Twin Reverb mumamva masipika awiri a mainchesi 12 akukankha mpweya, pamodzi ndi mawu obwerera kuchokera ku zipupa. Pedo ya modeling imakupatsani mawu a ampu imene yaikidwa maikolofoni kutsogolo kwake, monga zimamvekera m'nyimbo yojambulidwa. Chinanso n'chakuti sipika ya gitala simatulutsa bwino mawu opitirira 5 kHz, ndipo kulephera kumeneku ndiko kumafewetsa gitala, pamene masipika athu a pa zochitika ali ndi tizisipika ta mawu okwera timene timatulutsa chilichonse chimene tapatsidwa. N'chifukwa chake m'pedo muli gawo lotchedwa cab kapena IR, lomwe limatsanzira sipika ndi maikolofoni. Kodi gawo limeneli linali loyatsa? Nanga mawu anuwo munawakonza pa voliyumu yotani?

Woimba gitala, Makawa:
Ndayang'ana tsopano, ndipo cab ndi yozima pa mapachi (makonzedwe a mawu osungidwa m'pedo) onse atatu amene ndimagwiritsa ntchito. Ndinaizimitsa masiku oyamba pamene ndinkalumikiza pedoyo ku ampu, kenako ndinaiwala. Mawu ndimawakonza usiku, motsitsa kwambiri, ana akagona.

Wosakaniza mawu, Mangochi Boma:
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Khutu la munthu silimva bwino mawu apansi ndi okwera kwambiri voliyumu ikakhala yochepa, motero mumawonjezera bass ndi treble kuti mukhutire, ndipo zonse munawonjezerazo zimasefukira tikakweza masipika.

Woimba gitala wamkulu, Malindi:
Mwana wanga, zimene anena achimwene a pa Boma ndi zoona, koma ndisasiye kuinenera ampu, pakuti pali chimene imachita chimene ndimachikonda mpaka lero. Ukakhudza nsambo mofatsa, ampu ya mavalavu imayankha mofatsa, ndipo ukakantha mwamphamvu mawu amaphwanyika pang'ono ndi kufinyika, osati kungokwera chabe. Komanso sipika ikakhala kumbuyo kwako, mawu ake amagwedeza nsambo ndi thupi la gitala, motero noti imakhalitsa usanaisiye. Ndinayesapo pedo ya mdzukulu wanga, ndipo ndivomereze kuti kufinyika kuja anakutsanzira bwino kuposa zipangizo zoyambirira monga POD ya Line 6 imene inatuluka mu 1998. Koma kugwedezeka kwa nsambo sikungachokere m'pedo ngati palibe sipika pafupi nawe. Ndikufunsa, pa ukwatipo unkadzimva ndi chiyani? Woimba amene sakudzimva amakantha nsambo mopitirira, ndipo gitala imauma. Usaganizenso kuti kukoma konse kuli m'mavalavu. Ine ndinaimbira Roland JC-120 zaka zambiri, ampu ya mu 1975 yopanda valavu ngakhale imodzi, ndipo pa maimbidwe athu a gitala yoyera (ya mawu osaphwanyika), yothamanga, noti iliyonse inkamveka payokha.

Woimba gitala, Makawa:
Bambo, monita (sipika imene oimba amadzimverapo) inali imodzi yokha, ndipo inali kwa oimba pakamwa. Ine ndinkangomva zobwerera kuchokera ku masipika a kutsogolo.

Wokonza zipangizo, Monkey Bay:
Ndiwonjezerepo za magetsi, popeza zimakhudza mawu. Ampu ya mavalavu imasintha kamvekedwe mphamvu ya magetsi ikatsika pansi pa 230 V, monga zimachitikira pa jenereta yaing'ono imene yanyamulanso mafiriji ndi magetsi owunikira, ndipo mawu amafooka ndi kuphwanyika msanga. Ndi kutentha kwathu kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, imafuna malo opita mphepo, ndipo mavalavu a 6L6 akatha ine ndimachita kuitanitsa kutali. Pedo ilibe mavuto amenewa, koma ili ndi lake: magetsi akangophethira imazima n'kuyamba kudzuka ngati kompyuta, ndipo masekondi amenewo ndi aatali mkwatibwi ali pakati pa bwalo. Ilumikizeni ku UPS (batire yopereka magetsi akathima) yaing'ono. Mukamva kung'ung'uza mutalumikiza ku mikisa, dutsitsani mawu mu DI box (kabokosi koikidwa pakati pa pedo ndi mikisa) ndipo musindikize batani lake la ground lift.

Wosakaniza mawu, Mangochi Boma:
Tiyeni tiyese mwachilungamo. Bwerani Lachinayi masana ndi ampu, pedo ndi mtsogoleri wa bandi. Ampu tidzaiika m'chipinda n'kutseka chitseko, maikolofoni ya Shure SM57 ili pafupi ndi sipika, ndipo idzalowa tchanelo choyamba, pedo tchanelo chachiwiri. Ndidzafananitsa voliyumu ya zonse ziwiri mosamala, chifukwa chimene chakwera pang'ono chimamveka ngati chokoma nthawi zonse. Pa pedo tidzayatsa cab, tidzaika low cut (kudula mawu apansi) pa 100 Hz kuti tisalimbane ndi gitala ya bezi, high cut (kudula mawu okwera) pafupi ndi 6 kHz, tidzakweza mawu apakati amene amachititsa gitala kuonekera pakati pa ng'oma ndi kiyibodi, kenako tidzachepetsa gain (mphamvu yophwanya mawu) ndi reverb (mawu obwerera). Mtsogoleri adzaima kumene kumakhala alendo, osadziwa tchanelo chimene ndatsegula. Za kuchedwa kwa mawu musade nkhawa, popeza pedo zamakono zimachedwa ndi mamilisekondi ochepa, ndipo mawu amatenga pafupifupi mamilisekondi 3 kuyenda mita imodzi kuchokera ku ampu kufika ku khutu lanu.

Woimba gitala, Makawa:
Akuluakulu, tayesa lero monga tinapangana. Cab itangoyatsidwa, njuchi zija zinatha nthawi yomweyo. Pa gitala yoyera mtsogoleri analephera kusiyanitsa, ndipo kawiri analoza pedo akuganiza kuti ndi ampu. Kusiyana ndinakumva ine mwini m'zala pa solo, pamene noti zazitali zinkafa msanga, koma achimwene ataika monita pambali panga n'kuikweza pang'ono, zinayamba kukhalitsa monga ananenera bambo a ku Malindi. Ndasunga magulu awiri osiyana a mapachi, ena a ku mikisa okhala ndi cab, ena a ku ampu opanda cab, ndipo ndawalemba maina kuti ndisasokonezenso. Loweruka ndipita ndi pedo ndi monita yobwereka, ampu idzatsala m'galimoto ngati chodalira. Bambo a ku Monkey Bay, ndidzadutsa kwanu Lachisanu madzulo kuti mudzandionetse UPS yoyenera pedoyi.