Khosi la gitala ya besi ndilimange bwanji kuti lisamagwedezeke?

Mnyamata wa ku Bembeke:
Akuluakulu a pa gulu pano, makamaka akalipentala ndi oimba, ndithandizeni nzeru. Ndikupanga gitala ya besi ya nsambo zinayi yoti tiziimbira m'kwaya kwathu kuno ku Bembeke. Thupi ndasema kale ndi mbawa, khosi ndi la mlombwa, truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera) ndi makiyi ochunira nsambo ndinachotsa pa besi ina yakale yothyoka. Pomwe ndaima ndi polumikiza khosi ndi thupi. Kumata ndi guluu sindikufuna, ndikufuna kumanga ndi masikuluwu kuti tsiku lina likadzapindika ndidzathe kumasula. Koma besi yomwe timabwereka panopa ndi yomangidwa chomwecho, ndipo ukangoikoka pang'ono khosi limasunthira kumbali, nsambo yaing'ono n'kutsala pang'ono kugwera kunja kwa mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi). Zimenezo ndiye ndikuopa. Mphako yolowetsamo khosi ndikumbe yaikulu bwanji? Masikuluwu anayi akwana kapena ndiike 6? Makina ndilibe, ndili ndi tchizulo, pulena ndi chobowolera chamanja. Sindinaboole kalikonse, ndikudikira inu.

Kalipentala wa pa Lizulu:
Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanaboole. Masikuluwu iwalako kaye. Chimene chimagwira khosi ndi mphakoyo, sikuluwu ntchito yake n'kungopanikiza thabwa pa thabwa linzake. Pa mabesi a kampani ya Fender mphako imakhala 63.5 mm m'lifupi, pafupifupi 98 mm m'litali, kuya kwake 16 mm. Komabe iwe usathamangire manambalawa, khosi lako unasema pamanja. Ligoneke pathupipo, ulembe mozungulira ndi mpeni wakuthwa osati pensulo, kenako ukumbe m'kati mwa mzerewo n'kumasenda pang'onopang'ono. Khosi lizilowa pokankha ndi chala chachikulu, osati ndi hamala. Ukalowetsa n'kunyamula khosi, thupi n'kubwera nalo popanda sikuluwu ngakhale imodzi, wakhoza. Pansi pa mphako pakhale see. Paka choko kunsi kwa khosi, lowetsa, tulutsa, pamene pada choko ndiye pokwera, senda pomwepo. Ndi tchizulo zimatheka, kungoti zimadya tsiku.

Wabesi wa ku Ntcheu boma:
Anayi akwana achimwene. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi masikuluwu anayi ndi kachitsulo kumbuyo, mpaka lero anthu akuimbira. Cha m'ma 1970 kampaniyo inayesako atatu pa mabesi ena, oimba ambiri n'kumadandaula zomwe mukunenazi, za khosi kusunthira kumbali, ndipo mphako za nthawi imeneyo zambiri zinali zokhwepa. Alipo mabesi a Music Man okhala ndi 6, koma mukachulukitsa mabowo pa kachidendene kakang'ono ka khosi, kolowa m'mphako kaja, mukufooketsa thabwa lanu lomwe. Dziwaninso kuti nsambo zinayi zikachunidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, ngati thumba ndi theka la chimanga litapachikidwa pakhosipo usana ndi usiku. Mphamvu imeneyo izikathera pa khoma la kumapeto kwa mphako, isamalendewere pa masikuluwu.

Mlongo wa ku Golomoti:
Kkkk a Bembeke bwanji osangopanga babatoni, nsambo imodzi, nkhani yatha. Koma zikatheka mutiponyere chithunzi.

Ndine wa pa Chimbiya:
Ingomatani ndi guluu n'kukhomera misomali iwiri basi. Zambirizi n'zotayitsa nthawi.

Wabesi wa ku Ntcheu boma:
A Chimbiya, mpando umenewo, si gitala.

Madala okonza zoimbira ku Dedza:
Mwana wanga, pali chinthu chimodzi chimene anzakowa sananene, ndipo mabesi ambiri amene amabwera kwanga ogwedezeka khosi vuto lake limakhala chimenechi. Mabowo a pa thupi akhale aakulu moti sikuluwu izidutsa yokha osaluma thabwa. Izikaluma m'khosi mokha. Ikaluma konsekonse, umamanga mpaka dzanja kuwawa n'kumati yalimba, chonsecho pakati pa khosi ndi thupi patsala mpata, sikuluwu yangolimba m'thupi koma sinakoke khosi. Ya kwanu yobwerekayo kaimasule uone, ndikukhulupirira ndi momwe ilili. M'khosimo boola kabowo kocheperako poyerekeza ndi sikuluwu, chifukwa mlombwa ukaukakamiza umang'aluka, ndipo sikuluwu uipake kandulo kapena sopo wouma.

Koma usanaboole, gwira khosi ndi kilampu, ukoke ulusi uwiri kuchokera kumutu kukafika pomwe padzakhale bridge (chitsulo chogwira nsambo pathupi), wina m'malo mwa nsambo yaikulu, wina m'malo mwa yaing'ono. Mpata wotsala m'mbali mwa mafureti ufanane uku ndi uku. Bridge yo uimange pomaliza, khosi litakhala kale. Ngati besi yako ndi ya muyezo wa mainchi 34, kuchokera pamene nsambo zimayambira kumutu kufika pa bridge ndi 864 mm, ndipo fureti ya 12 ikhale pakati penipeni, pa 432 mm. Ukaphonya pamenepa, ngakhale khosi lilimbe chotani, kwaya idzakuyang'ana nthawi zonse ukakwera mmwamba.

Wowotcherera wa pa Kampepuza:
Ine masikuluwu a matabwa sindiwakhulupirira. Ukamasula kawiri katatu bowo lakula. Ikani manati m'kati mwa khosi, mumange ndi mabawuti a M5 kapena M6 (ochindikala 5 mm kapena 6 mm), mudzamasula mpaka kukalamba. Kachitsulo ka kumbuyo musavutike n'kugula, dulani chitsulo cha 2 mm kapena 3 mm, mabowo anayi, mukulungize pakamwa pake kuti mitu ilowe isamakande mimba.

Kalipentala wa pa Lizulu:
Za kachitsulo ndikuvomera, popanda iko mitu imamira mu mbawa ndipo pakatha miyezi khosi lakhwepa. Za manati n'zabwino, koma manatiwo amaikidwa thabwa la mafureti lisanamatidwe. Manati aja opotera m'thabwa kupezeka kwake kuno n'kovuta, mwina ku Lilongwe, ndipo ukawalowetsa mopendama ndi chobowolera chamanja waononga khosi lonse. Gitala ya kwaya azimasula kangati pa chaka?

Mayi wogulitsa matabwa:
Achimwene, matabwa anuwo anauma? Ndikufunsa chifukwa ambiri amagula kwa ife thabwa longochekedwa kumene n'kukapangira chinthu mawa lake. Mlombwa ukauma susuntha kwambiri, n'chifukwa chake akalipentala amaukonda. Koma mukasema mphako thabwa lili ndi madzi, pofika Okutobala lafota, mpata waoneka. Nakonso kwanu ku Bembeke ndi nkhungu ija, chosemedwa chothina kwambiri m'chilimwe chimatupa mvula ikagwa, khoma lopyapyala la mphako n'kung'aluka. Ndipo chonde musaikepo paini penapake pogwira sikuluwu. Ndimagulitsa ndine koma ndikunena, ndi wofewa.

Mnyamata wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi, matabwawo ndi a chitseko ndi bedi zakale, kuuma ndiye anauma. Thabwa la mafureti ndinamata kale, choncho za manati zapita, nditsata anayi ndi kachitsulo. Madala, ndayeza: thupi ndi lochindikala 42 mm, chidendene cha khosi pamodzi ndi thabwa la mafureti 25 mm. Ndigule masikuluwu aatali bwanji? Nanga nsambo zikadzakwera kwambiri nditamanga kale, ndikumbenso mphako?

Madala okonza zoimbira ku Dedza:
Werenga nane. Pa 42 ukakumba 16, pansi patsala 26. Onjezapo 2 wa kachitsulo, 28. Sikuluwu ya 45 mm ilowa m'khosi 17 mm, patsala 8 mm isanatulukire ku mafureti. Imeneyo ndiyo. Ya 50 usayerekeze. Pa chobowolera kulungapo tepi pa 17 mm kuti usapitirire, ndipo mabowo atalikirane ndi mzere wa pakati pomwe padutsa truss rod. Nsambo zikakwera usakumbenso, dula kachidutswa kopyapyala ka thabwa kapena ka khadi la pulasitiki, uike m'mphako kumapeto chakuthupi, khosi liweramira kumbuyo pang'ono, nsambo zitsika. Ukachuna koyamba, masula masikuluwu onse pang'ono chabe nsambo zili chikokere. Umva kuti tha, ndiye kuti khosi lakafika pa khoma. Pamenepo manganso, mopingasa, kona iyi kenako inayo.

Wabesi wa ku Ntcheu boma:
Pomasulapo gitalayo muigoneke pa mphasa achimwene, osati pamwendo.