Kodi Cognac wa XO ndimusunge zaka zina kuti akome?

Wofunsa:
Ndapatsidwa mphatso ya botolo la Cognac lolembedwa XO, koma nditalawa pang'ono ndinangomva kuwotcha m'mphuno, osati fungo lokoma limene anthu amatamanda. Kodi ndilisunge zaka zina kuti mowawo ukhwime bwino, kapena ndizitenthetsa galasi pa kandulo monga ena amachitira?

Woyankha woyamba:
Kusunga sikungakuthandizeni, chifukwa Cognac, yemwe ndi burande wa ku France wopangidwa ndi mphesa, amakhwima ali mumgolo wa matabwa a oak basi, ndipo akangothiridwa m'botolo sakulanso. Kuyambira mu 2018, zilembo za XO zimatanthauza kuti mowa wamng'ono kwambiri mwa umene anasakaniza m'botolomo unakhala mumgolo zaka zosachepera 10, pamene pa mabotolo olembedwa VSOP ndi zaka 4 ndipo pa olembedwa VS ndi zaka 2. Botololo muziliimika, popeza mukaligoneka mowa wamphamvu choncho umawononga chotsekera.

Woyankha wachiwiri:
Kanduloyo musayatse n'komwe. Cognac amakhala ndi mphamvu yosachepera 40 peresenti, choncho mukamutenthetsa, ukali wa mowa ndiwo umayamba kukwera n'kuphimba fungo lina lonse. Ine ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pa galasi ndi kufulumira. Galasi lalikulu lamimba lija, ngakhale limaoneka laulemu, limasonkhanitsa ukali wonse pamphuno; laling'ono lokhala ngati duwa la tulip ndilo labwino. Thirani pang'ono, mudikire mphindi zingapo, kenaka mununkhize galasi lili patali ndithu ndi mphuno, pakamwa mutatsegula pang'ono. Mudzayamba kumva zipatso zouma ndi vanila, ndipo ngati mowawo ndi wakaledi, padzabwera kafungo konga ka mtedza ndi bowa kamene Afalansa amakatcha rancio. Polawa, kadontho kokha kazungulire palilime musanameze.

Woyankha wachitatu:
Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma ndiwonjezere kuti mtundu wakuda usakupusitseni, chifukwa malamulo amalola kuthiramo caramel wodetsera mowa. Mukazolowera, mudzayesenso Armagnac, burande wina wa kudera la Gascony ku France. Cognac amatchezedwa kawiri m'miphika yamkuwa kudera la Charente, pamene Armagnac kawirikawiri amatchezedwa kamodzi, n'chifukwa chake amakhala wolemera m'kamwa. Mabotolo ambiri a Armagnac amalembedwanso chaka chimene mphesazo zinakololedwa, zimene pa Cognac sizichitikachitika.