Thandizeni: lupanga lachidole la katana, la thabwa kapena la paipi?

Abale muli bwanji pagulu pano. Ine ndili ku Moatize, ndikufuna kupanga lupanga la asamurai, ankhondo akale a ku Japan, lija amati katana, koma lachidole chabe losacheka ngakhale tomato, longopachika pakhoma ndi kujambulira timavidiyo ndi anzanga. Miyeso ndili nayo, lonse mita 1, mpeni wake masentimita 70, chogwirira pafupifupi 30, lokhota pang'ono. Vuto zipangizo. Akunja amapangira EVA foam, mtundu wa siponji yolimba, nkuika kandodo ka fibreglass mkati, ine ndazungulira m'maloja mpaka kuwoloka mlatho kulowa m'tauni ya Tete koma yokhuthala sindinaione, ndiye ndatsala ndi thabwa kapena paipi ya PVC, nanga ndi kutentha kwathu kuno mu Okutobala kumapyola madigiri 40, m'nyumba ya malatanso, chingapirire ndi chiti? Komanso penti yanji yoti lioneke ngati chitsulo? Oseka sekani koma muyankhe.

Mayankho

Kalipentala wa ku Ulongué: Achimwene pangani la thabwa basi. Paini ndi wopepuka komanso wofewa popala, mlombwa ndi wokongola inde koma mungoononga ndalama poti mupaka penti. Chachikulu sankhani thabwa lopanda mfundo, louma bwino, lokhuthala ngati sentimita imodzi ndi theka. Musalimbane nkulipinda, jambulani kukhotako pa katoni, ikani pathabwa, lembani ndi pensulo nkudula motsatira. Mpeni ndi chogwirira zikhale thabwa limodzi, mukalumikiza ndi guluu lidzathyokera pomwepo tsiku loyamba kumenyanitsa. Kutsogolo kusasongoke, ndipo mbali yakuthwayo isiyeni mamilimita 3 kapena 4.

Mayi wa ku Furancungo: Ana a masiku ano kkkk, anzanu akusema mipini ya makasu inu malupanga. Koma ndithu lisasongoke, diso silimera lina.

Membala wina: PVC ine ayi. Kuti iphwatalale muyenera kuiwotha pambaula nkuikanikiza ndi matabwa awiri, ikangopserera utsi wake ndi woipa pachifuwa, ndiye ikakhala padzuwa la Tete imayamba kupindika yokha. Guluu wa mfuti uja, wopaka ali wotentha, naye amafewa padzuwa lotere. Paipiyo isungireni chimake cholowetsamo lupanga, pamenepo imagwira ntchito bwino.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu, thabwa lawina. Nanga kachitsulo kobulungira kotchinga dzanja kaja, amati tsuba?

Membala wachitatu: EVA mukuyifuna m'malojayo mwaiponda kuphazi bambo, mapatapata ambiri ofewa aja ndi yomweyo. Dulani akale mozungulira, boolani pakati, matani ndi guluu wa nsapato, pakani mbali zonse ziwiri mudikire aume kaye musanaphatikize. Za penti, yambani sandipepa wokhakhala wa 80, mumalize ndi 220, pakani guluu woyera wa matabwa wothira timadzi, akauma sandipepanso. Kenako penti yakuda yonyezimira, ikauma palani mtovu wa pensulo ukhale ufa nkupukutira ndi kansalu, mudzadabwa, chimaoneka chitsulo chenicheni kuposa sipuleyi ya siliva imene imangooneka ngati denga latsopano. Chogwirira kulungani ndi zingwe za nsapato zophwatalala zakuda mopingasa, pansi pake nsalu yoyera kuti timadayamondi tija tioneke. Malegeni a chubu cha njinga amagwiranso koma kukatentha amanata m'manja.

Membala wa ku Zóbuè: Likaoneka lenileni kwambiri musayende nalo poyera mu chapa (minibasi), likulungeni m'thumba, apolisi pamsewu sangayambe nkufunsa ngati ndi paini. Ndipo popachika, katana amaigoneka chakuthwa chiloze kumwamba.

Wofunsa: Ndamva. Funso lomaliza, ufa wa pensulowo ndikapaka vanishi pamwamba suzimirira? Amene anayesapo andiuze ndisanagule.